Ma Word awiri a amayi

Pa kompyuta ya amayi pali ma Word awiri, wina wa 2003, wina wa 2016. Akhalira limodzi zaka zingapo tsopano ngati akazi a pamitala, ndipo amene anabweretsa mitala imeneyi ndi ine.

Amayi anali sekilitale m'boma. Anayambira pa taipilaita, kompyuta inawapeza ali kale pantchito. Atapuma anatsegula kamalo kotaipira pafupi ndi msika ku Dedza: tebulo, kompyuta imodzi ya Windows 7, pulinta, ndi benchi la makasitomala. Amataipa makalata ofunsira ntchito, ma CV, malipoti a kumpingo, mapulogalamu a ukwati ndi a maliro. Ndalama zambiri za fizi yanga ku yunivesite zinatuluka pa kiyibodi imeneyo, tsamba limodzilimodzi.

Nditamaliza maphunziro ndinabwerera kunyumba kukadikira ntchito, ndipo masana ndinkangokhala pa benchi lija. M'pamene ndinaona kuti ndalama zikutidutsa. Ana a sukulu ankabwera ndi fulashi, mkati muli mafayilo a .docx. Mtundu umenewu unabwera ndi Office 2007, pomwe Word 2003 imadziwa .doc. Kunali kapulogalamu kotchedwa Compatibility Pack kothandiza Word wakaleyo kuwerenga mafayilo atsopano, koma pa kompyuta ya amayi sikanaikidwepo. Ndiye amayi ankangowauza kuti, "Pepani ana anga, yesani kutsidya uko." Ine, ndi digiri yanga yonunkhira utsopano, zinkandiwawa.

Lamlungu lina amayi ali ku tchalitchi ndinatenga makiyi, ndinakatsegula, n'kuika Office 2016. Inandifunsa ngati ndikufuna Upgrade kapena Customize. Sindinawerenge n'komwe, ndinadina Upgrade. Office 2003 yonse inachoka. Ndinatseka chitseko ndikumwetulira, ndimvekere mawa andithokoza.

Lolemba m'mawa kunabwera bambo wina maso ali psuu. Ankafuna pulogalamu ya maliro a mchemwali wake, oika tsiku lomwelo masana. Amayi anakhala pansi, n'kutsegula Word. Mzere umene anauzolowera, wa File, Edit, View, Insert, Format, Tools, Table, kunalibe. M'malo mwake munali chilamba chachikulu chodzaza ndi tizithunzi, chimene amachitcha ribbon. Munthu amene amataipa osayang'ana zala, uku akucheza ndi kasitomala, anagwira mausi n'kuyamba kufufuza ngati mlendo m'nyumba ya eni. Ankangofuna kugoneka tsamba cham'mbali n'kuligawa pawiri kuti lipindike, ntchito imene aichita kambirimbiri.

"Iwe, zinthu zanga wazibisa kuti?"

Ndinawasuntha pampando, ndinalowa pa Layout, mphindi zochepa pulogalamu inatuluka. Bambo uja anati, "Izitu ndi za ana a masiku ano, mayi. Ife zinatipitirira." Kenako ndalama anapatsa ine. Osati amayi, ine. Amayi anali ataima pambali akulongosola mapepala amene anali olongosoka kale.

Tsiku lonse sananene kanthu. Madzulo tikudya m'pamene anandifunsa, mosakweza mawu: "Ukalowa m'khitchini mwa munthu, umasamutsa mchere osamuuza?" Nsima inandikanika kumeza.

CD ya Office 2003 anali nayo, m'chikwama chimene amasungamo masatifiketi. Usiku umenewo ndinaphunzira zimene ndikanayenera kuwerenga Lamlungu lija. Ma Office awiri amatha kukhala pa kompyuta imodzi, koma wamkulu ayambe kulowa. Ndinachotsa 2016, ndinaika 2003, kenako ndinabwezera 2016 kudzera pa Customize, pamene pali posankha kuti akale asachotsedwe. Aliyense anapeza chipinda chake, wina mu foda ya Office11, wina mu Office16. (Mukamawerenga manambala awo, 2007 ndi 12, 2010 ndi 14. Nambala 13 anailumpha, akuti ndi yatsoka. Ndiye azungu nawo ali ndi zawo, eti?) Outlook yekha ndi amene sakhala awiri, koma amayi alibe naye ntchito.

Mitala sinayambe mwamtendere ayi. Word aliyense akatsegulidwa amafuna kulembetsanso ku Windows kuti mwini mafayilo ndi iyeyo. Ukatseka wina n'kutsegula mnzake, pankabwera kabokosi konena kuti dikirani, tikukonza Office, ndipo umadikiradi, kasitomala ali chiimire. Mankhwala ake anali mu registry, kumene Windows imasunga malamulo ake: ndinalembamo kamawu koti NoReReg n'kukapatsa nambala 1, kutanthauza kuti usalembetsenso. Phokoso linatha. Fayilo ukaidina kawiri imatsegukabe mu 2016, koma amayi sadina mafayilo. Amatsegula Word wawo kaye, kenako Ctrl ndi O, monga akhala akuchitira kuyambira kale.

Tinagawana chonchi: za m'manja, zofunika kutaipa, n'za 2003. Za pa fulashi n'za 2016, ndipo poyamba ankandiitana ine. Nditapeza ntchito ku Lilongwe ankaimba foni. Patapita miyezi mafoni aja anayamba kuchepa.

Pali chimene chimandidetsa nkhawa. Microsoft inasiya kusamalira Office 2003 mu April 2014, ndipo Windows 7 mu January 2020. Ziboo zimene ma virus angalowere sizikutsekedwanso. N'chifukwa chake kompyuta ija siilowa pa intaneti, ndipo mafayilo awo ndimawakopera pa fulashi yapadera nthawi iliyonse ndikapita. Koma ndi makina okalamba, fani yake imalira ngati chigayo. Tsiku limene idzazime, sindikudziwa kuti ndidzawauza bwanji ngati Word wawo atakana kusamukira m'nyumba yatsopano.

Pa Khirisimasi yapitayi ndinawapeza akukonza lipoti la mtsikana wina, mu 2016, mausi ili poteropo osaikhudza. Anadina Alt, kenako O, kenako P, bokosi la Paragraph n'kutseguka. Ndinadabwa. Amenewo ndi makiyi a Format ya 2003, menyu imene mu 2016 mulibe. Kani Word watsopano anasungabe makiyi akale aja, ndipo ine wa digiri sindinkadziwa. Iwo anazitulukira okha tsiku lina zala zitangopita mwachizolowezi.

"Amamva chilankhulo cha mkulu wake," anatero, maso ali pa pepala la mtsikanayo.

Ndinafunsa ngati tsono ndingachotse wakaleyo, poti malo pa kompyuta akuchepa. Anasiya kutaipa, anandiyang'ana pamwamba pa magalasi.

"Wakulakwira chiyani? Makiyi a pano usadzawatengenso Lamlungu."