Ku Hout Bay ndi Amayi: tsiku limene tinagwirizana ndi hake

Amayi atabwera kuno ku Cape Town kudzationa, tsiku lachitatu lokha ndinachita manyazi ndi mbale ya ndiwo. Ndinagula hake kushopu, n'kuikazinga pang'ono, kenako ndinaiika mumsuzi wa tomato ndi anyezi kuti ibwate monga timachitira ndi chambo kwathu ku Nkhotakota. Povundukula poto ndinapeza nsomba yonse yaphwasuka, yasanduka phala. Amayi anatema nsima, kusunsa, kutafuna osalankhula. Kenako anati, "Mwanawe, iyi ndi nsomba kapena mazira?" Ana anga awiri anaseka mpaka misozi. Koma chimene chinandilasa ndi mawu otsatira: "Ndiye chifukwa chake adzukulu angawa amakana nsomba. Ana a kunyanja osadziwa nsomba, eti!"

Loweruka lake ndinati tiyeni tikaione nsombayi kwawo. Tinakwera basi ya MyCiTi yopita ku Hout Bay. Mukadutsa Camps Bay msewu umakhotakhota, phiri kumanzere, nyanja yamchere kumanja, ndipo mukangopitirira Llandudno mumatsetsereka kulowa m'chigwa. M'basimo munali anyamata awiri akucheza m'Chichewa, ndipo asanatsike Amayi anali atawafunsa kale mudzi, mfumu ndi tchalitchi.

Padoko tinafika chakumasana. Mbali ina kuli phiri losongoka lotchedwa Sentinel, pansi pake nyumba za ku Hangberg zitakwera chitunda. Kutsidya kukuoneka msewu wa Chapman's Peak wosemedwa m'thanthwe. M'madzi munali ma seal, zinyama zonga akatumbu onenepa, zikudikira matumbo a nsomba. Amayi anapita pamchenga n'kuviika phazi, nthawi yomweyo analichotsa. "Nyanja yanji yopanda wochapa, yopanda mwana wosamba?"

Kuzizira kumeneko ndiye chiyambi cha nkhani ya hake. Gombe lakumadzulo kwa South Africa ndi Namibia limadutsidwa ndi madzi ozizira a Benguela, ndipo hake imakhala pansi penipeni pa madzi amenewa, mamita mazanamazana. Kuno ilipo mitundu iwiri, wina wa madzi osaya pang'ono, wina wakuya kwambiri. Olankhula Afrikaans amaitchula stokvis. Yambiri imagwidwa ndi zombo zikuluzikulu zokoka makoka, zimene zimagonera panyanja masiku angapo, n'chifukwa chake imatifika yodulidwa kale mutu, nthawi zambiri yochotsedwanso minga ndi youmitsidwa mufiriji. Kwa munthu amene kwawo mutu wa chambo amapatsa mlendo wolemekezeka, nsomba yopanda mutu ndi chinthu chokayikitsa ndithu.

Tinagula hake ndi tchipisi pamalo ena apadoko pomwepo, n'kukhala pabenchi kunja, mbalame zoyera za m'nyanja zikutizungulira ngati akuba a pamsika. Nsombayo anaiviika m'fulawa wosungunula asanaikazinge, kunja khirichikhirichi, mkati yoyera mbee, yogawanika yokha m'timapale. Tchipisi zake n'zija zofewa amati slap chips, zothira mchere ndi viniga wambiri. Amayi analawa kachidutswa koyamba popanda kanthu, nati, "Ilibe mawu." Ndinawafinyira ndimu pamwamba. Analawanso, anakhala chete, kenako anakokera pepala lonse kwa iwo.

Ilibe mawu: palibe amene anaifotokozapo bwino hake kuposa pamenepa. Chambo chili ndi fungo lake ndi mafuta ake, mcheni ndi kampango ndiye osanena. Mungoziwamba ndi mchere basi, zimadzilankhulira zokha. Hake ili ndi mafuta ochepa, mnofu wake ndi wofewa ndi wamadzimadzi. Imadikira kuti inu muipatse mawu.

Titatha kudya tinalowa m'sitolo ya nsomba zaziwisi, ndipo ndinamuuza mayi wogulitsa za phala langa lija. Anaseka, koma anandithandiza. Anati ngati ili youma ndiisungunule pang'onopang'ono mufiriji, osati m'madzi otentha. Ndiiwaze mchere n'kuisiya theka la ola kuti madzi atuluke ndi mnofu ulimbe, ndiipukute mpaka iume, ndiigudubuze m'fulawa, ndiikazinge mphindi zitatu kapena zinayi mbali iliyonse, n'kuitembenuza kamodzi kokha. Msuzi ndiphike paokha, nsomba ilowemo pomaliza. Amayi samva Chingerezi chothamanga cha kuno, koma nditawamasulira anagwedeza mutu: "Ameneyu nsomba amaidziwa."

Kuchokera tsiku limenelo ndayesa zambiri, ndipo ndaona kuti anzake a hake ali m'magulu atatu.

Choyamba ndi chowawasa. Ndimu ndiye mfumu, kenako viniga, atchar wa mango, ngakhale tomato wathu yemweyu, bola asapse mpaka kutsekemera. Anthu a Cape Town anazindikira izi kalekale: pa Pasaka amakonza pickled fish, nsomba yokazinga yomizidwa mu anyezi wambiri wophikidwa ndi viniga, binzali, shuga pang'ono ndi masamba a bay. Imagona mufiriji masiku awiri kapena atatu, ndipo amaidya yozizira Lachisanu Loyera ndi mabanzi a mtanda pamwamba aja. Viniga amaulimbitsa mnofu wofewawu, ndiye hake imachita bwino mmenemo.

Chachiwiri ndi mafuta onunkhira. Popeza ilibe ake, ibwerekeni: batala wosungunula ndi adyo wosinja, pomaliza masamba a parsley kapena coriander, amene kuno amati dhania. Ana anga, omwe ankati nsomba imanunkha, iyi amanyambita ndi mbale yomwe.

Chachitatu ndi tsabola, koma wa ulemu. Kambuzi amene Amayi anabwera naye m'kabotolo tinkangodontheza kumbali kwa mbale. Mukathira mupoto wambiri mumadya kambuzi, nsomba osaimva. Nsinjiro nazo ndinayesa kutendera hake yeniyeniyo, zinaikwirira. Malo ake ndi m'masamba: mpiru kapena repu wotendera pambali, hake yokazinga apa, nsima apo. Mpunga ndi mbatatesi zimagwirizana nayonso, koma musamvere aliyense wonena kuti nsima siyenda ndi nsomba ya m'nyanja yamchere.

Za zakumwa tinazikamba pobwerera. Tinakwera minibasi yopita ku Wynberg, imene imakwera Constantia Nek n'kutsikira m'dera la minda ya mphesa. Kumeneko ndi kumene kuli Groot Constantia, munda umene unayamba mu 1685. Bambo a kunyumba kwathu, amene amamwako vinyo pa Khirisimasi ndi pa maukwati, amati hake imafuna vinyo woyera wozizira, wosatsekemera: Sauvignon Blanc ngati ya ku Constantia komweko, kapena Chenin Blanc, mphesa yolimidwa kwambiri m'dziko muno. Chifukwa chake n'chimodzimodzi ndi cha ndimu: kuwawasa kumatsuka mafuta pakamwa. Vinyo wofiira wolemera amasiya kakomedwe ngati ka chitsulo. Pa hake ndi tchipisi, mowa wopepuka wozizira umakwanira.

Amayi ndi a Mvano, ndiye nkhani ya vinyo anaimvera kuwindo. Iwo padoko paja anamwa Stoney, ndipo jinja woluma pakhosi uja anayenda bwino ndi nsomba yokazinga. Kunyumba timafulula tiyi wa rooibos, wochokera kumapiri a Cederberg, kumuziziritsa n'kufinyiramo ndimu, shuga pang'ono chabe. Ana amakonda Appletiser. Zakumwa zotsekemera kwambiri zimaipha nsombayi. Thobwa ndimalikonda, koma limakhutitsa, lidikire madzulo.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinayesanso. Amayi anagwira mthiko, chifukwa nsima ya ufa wa m'mapaketi amati ine ndimaiphika ngati ndikuiopa. Ine ndinawaza mchere, kudikira, kupukuta, kukazinga. Msuzi wa tomato, anyezi ndi adyo unapsa paokha, ndipo nsomba ndinaigoneka pamwamba moto nditazimitsa kale. Pambali repu wotendera, ndimu woduladula, ndi kabotolo ka kambuzi.

Wamng'ono uja anayamba ndi kufunsa, "Agogo, mulibe minga?" Iwo anamutemera kambamu, kumuonetsa kusunsa ndi kutapa kachidutswa ka nsomba ndi chala chachikulu. Anadya, napempha ina. Mtima wanga unakhala pansi.

Ndinadikira chigamulo. Amayi anasamba m'manja, kupukuta pachitenje, kenako anati: "Si chambo ayi. Chambo adzakachidya kwathu ana amenewa, ndipo udzabwere nawo asanakule. Koma fodya wako ndi amene ali pamphuno. Iyi ndi nsomba, uziwaphikira." Atafika pakhomo la kukhitchini anatembenuka: "Koma ulendo wina ukamufunse mayi uja. Mitu yakeyo amapita nayo kuti?"