Akakudindani pa boda, khomo lopepesera lilipo

Ana anga, lero tikambirane za pasipoti. Kuno kwathu kwa Mwambo, nyanja ya Chilwa ikauma monga inachitira mu 1995 ndi mu 2018, matemba amasowa, ngalawa zimagona pamatope pa doko la Kachulu, ndipo anyamata amakwera basi ya ku Joni. Sindikuwanena ayi, banja silidya mphepo. Koma ambiri amanyamuka osadziwa lamulo limodzi limene lalekanitsa mabanja ochuluka.

Mmalawi akafika pa Beitbridge amapatsidwa masiku osapitirira 30, ndipo ndi ocheza, osati ogwira ntchito. Kale munthu akapyola masikuwa ankalipira faindi nkhani n'kutha. Kuyambira mu Meyi 2014 zinthu zinasintha. Potuluka amakudinda kuti ndiwe munthu wosafunika m'dzikomo. Ukapyola ndi masiku osakwana 30 amakuletsa kulowa chaka chimodzi. Ukabwereza zomwezo zaka ziwiri zisanathe, chiletso ndi zaka 2. Ukapyola ndi masiku oposa 30, ndiye zaka 5 zathunthu. Taganizani, zaka 5 mwamuna uko, mkazi kuno!

Chimene ambiri sadziwa ndi chakuti lamulo lomwelo linasiya khomo. Munthu woletsedwa akhoza kulembera ofesi ya Home Affairs ya ku South Africa kupempha kuti amuchotsere chiletso, malinga ali ndi chifukwa chomveka komanso umboni wake.

Pali mtsikana wina amene ndinamulandira ndi manja angawa tsiku limene ankabadwa. Atakwatiwa anapita kukaona mwamuna wake ku Johannesburg ali woyembekezera. Kumeneko magazi anayamba kuthamanga, anamugoneka m'chipatala, mwana n'kubadwa pa opaleshoni. Pamene ankapeza mphamvu zokwera basi, masiku anali atapyola kalekale. Pa boda anamudinda zaka 5.

Atafika kuno alangizi anachuluka. Ena amati anene kuti pasipoti yatayika apangitse ina. Ena amati pali mkulu wina wowolotsa anthu pa mtsinje wa Limpopo usiku. Ine ndinamufunsa funso limodzi: "Kodi mapepala a kuchipatala uli nawo?" Mwamwayi anali atawasunga m'chikwama cha matewera. Tinalemba kalata yofotokoza zonse mwatchutchutchu, n'kuphatikiza lipoti la dokotala, chikalata chimene anamupatsa pa boda ndi fotokope ya masamba a pasipoti. Anadikira miyezi ingapo, mtima uli m'mwamba, koma yankho linabwera ndipo chiletso chinachotsedwa.

Musandimve molakwa. Si aliyense wopempha amene amakhululukidwa. Amene anangokhala dala kuti agwire maganyu alibe pogwira pamene akulemba kalata yotere. Koma wodwala, wochita ngozi, kapena amene anapempha kuonjezera masiku nthawi ilipo ndipo ali ndi risiti yake, ali ndi mau oti anene.

Maiko enanso ali ndi khomo lotere. Ku Canada kuli chilolezo chotchedwa Temporary Resident Permit, chimene amapatsa munthu amene lamulo likumuletsa kulowa, wa imigireshoni akaona kuti chifukwa cha ulendo wake ndi chachikulu kuposa chiopsezo chomulola. Ndi chakanthawi, sichipitirira zaka 3, ndipo angathe kuchilanda. Kulikonse mfundo ndi imodzi: ndi chifundo cha boma la eni, si ufulu wako, ndipo chimayendera umboni.

Chenjeraninso ndi madobadoba. Dziko la South Africa linapereka zilolezo zapadera kwa anthu a ku Zimbabwe kuyambira mu 2009, kenaka kwa a ku Lesotho. Amalawi sitinapatsidwe zoterozo. Ndiye wina akakuuzani pa WhatsApp kuti akugulitsa "pemiti yapadera ya Amalawi", dziwani kuti akufuna kukudyerani ndalama ya mpunga wanu. Pasipoti yatsopanonso siifufuta dzina lanu m'kompyuta ya pa boda. Ukagwidwa ndi chidindo chabodza, mlandu umakula, ndipo mapeto ake ndi ku Lindela, kumene amasunga anthu odikira kubwezedwa kwawo.

Tsono inu achinyamata apabanja, musananyamuke khalani pansi muwerengere limodzi masiku pa kalendala, ndipo ndalama yobwerera muipatule isanalowe m'zina. Mayi woyembekezera amene miyezi yatha asayende ulendo wa masiku awiri pa basi chifukwa chongosowa bambo. Amene mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, a shuga, a BP kapena ma ARV, tengani okwanira pamodzi ndi kabuku kanu ka kuchipatala. Mukadwalira kumeneko, musatuluke m'chipatala opanda kalata yokhala ndi deti, dzina la dokotala ndi chidindo.

Nanu makolo, mwana akabwera atadindidwa musamuseke kapena kumuthamangitsira ku njira zachidule. Mufunseni mapepala, mupite naye kwa munthu wodziwa kulemba bwino Chingerezi, ndipo pomwe pakuvuta akafunse ku ofesi ya kazembe wa South Africa ku Lilongwe. Paja safunsa anadya phula.

Tionane Lamulungu likudzali.