Umboni wa Munthu Mmodzi

Papita zaka zitatu cikhalire bondo langa lamanzere likundivuta. M'maŵa limauma, ndipo pa Misa ndimagwada mpingo wonse utagwada kale. Kucipatala anandiuza kuti ndi nyamakazi: kafupa kofeŵa kamene kamakuta nsonga za mafupa m'bondomo kakuperepeseka.

Tsiku lina mnzanga wa paubwana anandionetsa botolo la mapilisi a glucosamine, nati, "Acimwene, awa ndiwo anandiciritsa." Mtengo wake unali woposa wa thumba la ufa, koma ndinatsimikiza mtima kugula, pakuti munthuyu sananameko kwa ine.

Mwamwayi, mlungu womwewo kunabwera mwana wa mlongo wanga, amene nchito yake ndi kusanthula ziŵerengero za ofufuza a zaumoyo. Atamva nkhaniyi anati, "Amalume, anzanuwo sakunama. Koma nyamakazi imabwera ndi kupita. Munthu amagula mankhwala ululu ukafika pacimake, ndipo ukatsika wokha amayamika botolo."

Kenaka anandisimbira za kufufuza kumene kunacitika ku America, kumene zotsatira zake zinalengezedwa mu 2006. Odwala maondo 1,583 anagaŵidwa m'magulu mwamaere, popanda wodziŵa cimene akumwa. Patapita milungu 24, mwa amene anamwa glucosamine, 64 pa 100 alionse anati ululu wacepa. Koma mwa amene anapatsidwa mapilisi opanda mankhwala m'kati, 60 pa 100 alionse ananenanso cimodzimodzi! Akatswiri a ziŵerengero anapeza kuti kusiyana kocepa cotere kungathe kubwera mwamwayi cabe.

Ndinafunsa mokhumudwa ngati ziŵerengerozo zimangolanda munthu ciyembekezo. Iye anakana. Anati m'tauni ya Framingham, ku America komweko, ofufuza anatsata anthu kwa zaka zambiri, ndipo mu 1992 anaonetsa kuti amayi amene anacepetsa thupi ndi makilogalamu pafupifupi 5 anacepetsanso ndi theka ngozi ya kudwala nyamakazi ya m'bondo. Cinthu cotere munthu mmodzi sangacione pa bondo lake. Cimaoneka pokhapokha anthu ambiri akaŵerengedwa pamodzi.

Sindili ndekha m'vutoli. Bungwe la WHO linati mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendaŵa, ambiri a iwo amayi. Kumene kuli odwala oculuka cotere, ogulitsa ciyembekezo sasoŵa.

Botolo lija sindinagule. Ndinacepetsa nsima ya madzulo, ndipo ndimacita maseŵera olimbitsa nchafu amene anandiphunzitsa kucipatala. Bondo silinacire, koma limandifikitsa kumene ndikupita. Mnzanga uja tikali kukondana, ngakhale amandiseka kuti ndine Tomasi wokayika.

Inu aŵerengi okondedwa, wina akakuonetsani botolo, musamuyese wabodza. Ingomufunsani mwaulemu kuti: mankhwalaŵa anawayesa pa anthu angati, ndipo anawayerekeza ndi ciyani?