Dzanja langa likugona

Lolemba

Lero powotcherera ndaboola felemu ya windo katatu. Chitsulo chake n'chopyapyala, rodi inali E6013 ya mamilimita 2.5. Ndinaganiza kuti moto wachuluka, ndiye ndinatsitsa mashini kuchoka pa ma amp 90 kufika pa 60. Rodi inayamba kukakamira. Nditakwezanso, chitsulo chinabooka. Amalume anaona mabowowo n'kunena kuti, "Mphwanga, mashini alibe mlandu. Dzanja lako likugona." Zinandiwawa, poti chitsulocho anagula ndi ndalama za kasitomala.

Lachitatu

Amalume alemba masamu a kutentha ndi choko pa chitseko. Mavoliti uchulukitse ndi ma amp, uchulukitsenso ndi 60, kenaka ugawe ndi liwiro la dzanja, mamilimita pa mphindi, lochulukitsidwa ndi 1,000. Yankho lake ndi ma kilojoule pa milimita iliyonse. Powotcherera ndi rodi umachulukitsanso ndi 0.8, chifukwa kutentha kwina kumathawira mumpweya.

Tinayesa pa zidutswa ziwiri zofanana, iwo atagwira mita ndi foni yowerengera nthawi. Mavoliti 24, ma amp 90. Pa choyamba ndinayenda mamilimita 150 m'mphindi imodzi, masamu anapereka 0.69. Pa chachiwiri ndinayenda 100 okha, anapereka 1.04. Mashini sindinawakhudze, koma kutentha kunakwera ndi theka! Nditatembenuza chidutswa chachiwiricho ndi pulayala, kuseri kwake kunali mkwasa waukulu wobiriwira ngati khosi la njiwa, ndipo chinali chitapindika moti chinkagwedera pa tebulo. Ndinachiyang'ana nthawi yaitali. Miyezi iwiri yonseyi ndakhala ndikulimbana ndi kabatani ka mashini, osadziwa kuti kuchedwa kwanga ndiko kumapsereza chitsulo.

Loweruka

Dzulo ndinathamanga kwambiri poopa kuboola. Mzere unangokhala pamwamba ngati nyongolotsi, osalowa, ndipo hamala imodzi inaulekanitsa. Amalume andiuzanso kuti ndikakweza rodi kutali ndi chitsulo mavoliti amakwera, choncho ndiziisunga pafupi.

Lero ndabwerera ku felemu ija. Ndinayamba ndi timadontho togwirizira m'makona onse anayi, kenaka timizere tifupitifupi, uku pang'ono, kutsidya pang'ono, ndikudikira kuti pazizire. Ndaboola kamodzi, pakona yomaliza, pamene mkono unatopa. Poyeza ndi tepi kuchoka kona iyi kufika inayo, mbali ziwirizo zasiyana ndi mamilimita 2. Amalume ati ndiwongole Lolemba.