Osema a pa Kande m'masiku a mliri

Mu Seputembala 2019 chikondwerero cha Lake of Stars chinabwerera kuno ku Chintheche kumene chinayambira, ndipo osema ziboliboli a m'mbali mwa msewu wa M5 anagulitsa mipando ya mafumu ndi matabwa a bawo mokondwera. Pa 20 Malichi 2020 boma linalengeza kuti dziko lili pa ngozi, ndipo pa 2 Epulo Covid-19 inapezeka m'Malawi muno. Malole a alendo amene ankagona pa Kande analeka kubwera. Mvuu ndi njovu zamtengo zinatsala m'zisakasa, fumbi likuzikuta.

Ife Asilamu tili ndi mafunso athu pa kusema zifaniziro za zamoyo, ndipo masheikh athu salekerera kutichenjeza. Koma osemawo ndi anansi athu. Timatunga madzi pa mjigo umodzi, choncho utsi ukapanda kufuka pakhomo pawo tinkadziwa.

Njala inatembenuza kasemasema. Manja amene ankasema nyanga za njovu anayamba kusema nkhafi, mipini ya makasu, mithiko ndi mitondo. Ramadhani ya chaka chimenecho, pamene ambiri tinkaswali Tarawehe m'nyumba, mmisiri wina anatisemera timipando topindika toikapo Qur'an, natijambula timasamba m'mbali mwake. Sitinamupemphe timasambato. Mmisiri weniweni sangathe kusiya thabwa lili mbee, ngakhale malipiro ake akhale mbale ya usipa kapena ufa wa kondowole. Nkhafi yake inali yopepuka, yokhala bwino m'dzanja, komabe tinkanenerera mtengo wake mpaka kumufinya, pamene mzungu ankapereka zikwizikwi pa mvuu imene siipalasa bwato.

Matelala nawo anali ndi nyengo ziwiri. Poyamba anasoka masiki a zidutswa za chitenje, owala ngati zovala za ukwati. Pofika Januwale 2021 nsalu imene inkafunidwa inali yoyera, ya sanda. Pa 12 Januwale tinamva kuti nduna ziwiri, Sidik Mia ndi Lingson Belekanyama, zamwalira tsiku limodzi. Pa 31 mwezi womwewo anatisiya Wambali Mkandawire, woimba amene mizu yake ili ku Mlowe, kumpoto kwa gombe lathu lomweli. Mawailesi anamuliza mlungu wonse, ife tikumvera patali, pakuti ngakhale pa Janaza ya m'bale tinkaima motalikirana, ochepa, pakamwa potseka.

Alendo anayambanso kubwera pang'onopang'ono, ndipo mvuu zinapukutidwa ndi kupakidwanso polishi. Koma m'zisakasa zina mwatsala okalamba okha. Anyamata amene ankaphunzira kusema anakwera basi ya ku Joni malire atangotsegulidwa, monga anachitira agogo awo kale, ndipo kasemasema anamusomeka kudenga kwa amayi awo.