NDERE YA MASAMBA

Anzanga ambiri akaona cinthu cotuwa cimene cimamatirira pa makungwa a mitengo, amati mtengowo wagwidwa nthenda. Ine ndikana, ndipo ndifuna kucinenera, pakuti cilibe pakamwa.

Cinthuci ndi ndere, koma yosiyana ndi ija yoterera ya m'madzi. Pa mitengo pali mitundu itatu. Wina umakanirira ngati utoto, sungaucotse osaswa khungwa. Wina umalendewera ngati ndevu za nkhalamba. Umene ndiukonda ine ndi wacitatu, wa masamba. Ukaufuna, lowetsa cikhadabo m'mphepete mwace. Ukatukuka ngati kapepala kokwinyika, ndi womwewo. Pamwamba ndi potuwa mobiriwira, kunsi nkwakuda, koma cakumphepete nkofiirira. Pakati pace pali timizu takuda togwirira khungwa, ndipo ina ili ndi tiubweya m'mbali ngati nsidze. Ya maonekedwe otere akatswiri amaicha Parmotrema. Ukaidonthezera madzi imafewa nibiriwira uli cipenyere.

Codabwitsa ncakuti m'kanthu kameneka muli zamoyo ziwiri: bowa, amene amamanga nyumba ndi kusunga madzi, ndi tizomera tobiriwira tosaoneka ndi maso, timene timapanga cakudya ndi kuwala kwa dzuwa. Anayamba kunena zimenezi ndi Simon Schwendener wa ku Switzerland m'caka ca 1867, ndipo anzace ambiri anamtsutsa. Tsono timizu tija sitiyamwa kanthu mu mtengo. Ndere imangokhalapo monga mbalame pa nthambi.

Nkhaniyi inandikhudza pa chuthi, pamene atate anafuna kudula mtengo wathu wa mapicesi kwathu ku Dedza. Ndinati, "Atate, conde taulekani, ndereyi siidya mtengo." Iwo anati, "Nanga bwanji yaculuka pa nthambi zouma, mwanawe?" Funso labwino ndithu. Yankho lace ndi ili: nthambi ikayamba kufa masamba amayoyoka, kuwala kumalowa, ndipo ndere imakondwa. Imabwera pambuyo pa nthenda, siibweretsa. Atate anangoti, "Tiona," nabweza nkhwangwa m'nyumba.

Malo ace ndi a cinyezi ndi mphepo yoyera. Pa phiri la Zomba, kumene nkhungu ya ciperoni imakuta nkhalango, nthambi zimavala ndere mpaka kunsonga. Pa misuku ndi miombo yokalamba imapezekanso, makamaka mbali ya kumwera imene dzuwa siliomba kwambiri m'nyengo yacisanu. Pa bulugamu wosalala musataye nthawi, cifukwa amafundula khungwa ndere isanakhazikike, pakuti imakula mamilimita ocepa okha pa caka. Utsi nawo siigwirizana nawo. Pafupi ndi khichini la sukulu yathu ndafunafuna osaipeza, ndiponso m'munsi mwa mitengo imene moto wa lupsa umawaula caka ndi caka mulibe. Muyambe kuyang'ana pamwamba pa mutu wanu.