Buku Limene Ndinalanda

Aphunzitsi anzanga, kodi munayamba mwalandapo buku la wophunzira musanaliwerenge? Ine ndinatero, ndipo mpaka lero ndikakumbukira ndimachita manyazi.

Mtsikana wina wa Fomu 3 ankawerenga Fallen, buku la Lauren Kate la mu 2009, atalibisa kunsi kwa desiki. Nditangomva kuti ndi nkhani ya mtsikana wokondana ndi mngelo wopirikitsidwa kumwamba, ndinakalipa: "Iwe, zausatanazi muno ayi!" Mwana uja sanapondenso ku laibulale teremu yonse.

Patchuthi ndinaliwerenga ndekha, ndipo ndinaona kuti gwero lake si lachilendo. Genesis 6:1-4 amakamba za ana a Mulungu amene anakwatira ana aakazi a anthu, komanso za Anefili. Buku la Enoki, lomwe mpingo wa Orthodox wa ku Ethiopia umaliwerengera m'Malemba, limati angelo 200 anatsikira paphiri la Hermon. Nayenso Cassandra Clare anatunga pachitsime chomwechi polemba City of Bones, la mu 2007, mmene Anefili amasaka ziwanda ku New York.

Titatsegulira sukulu ndinam'bwezera bukulo n'kupepesa. Kenako ndinagawa bolodi pawiri: kuno zochokera m'Baibulo, uko zopeka za mlembi. Ophunzira anatsegula okha Mabaibulo, natsutsana mpaka belu kulira.

Inunso mukapeza buku lotere, werengani kaye. Afotokozereni makolo kuti ndi nkhani yopeka, osati chiphunzitso cha mpingo. Kulanda n'kosavuta, koma mwana akaleka kuwerenga, kum'bweza ndi ntchito yaikulu.